Ngongole kwa France, malonda kwa Britain: momwe zipani zidabadwira ku America

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene mudadutsa m'manja mwanga, nkhani ya America timakonda kuithera pa 1783. Angerezi agonja, pangano la ku Paris lasainidwa, madera 13 aja alandira ufulu wodzilamulira, ana alemba notsi, belu lalira. Koma kwa ine nkhani yokoma imayambira pomwe ife timaithera. Kuthamangitsa mtsamunda n'kovuta inde, komabe nthawi imeneyo mdani amakhala mmodzi ndipo nonse mumamudziwa. Chovuta chenicheni ndi m'mawa mwake. Mdani wapita, mwatsala nokhanokha, m'thumba mulibe kanthu, ndipo aliyense ali ndi maganizo akeake a komwe dziko lilowere.

Lero ndikamba za zaka 12 zoyambirira za boma la America, kuyambira 1789 mpaka 1801, ndipo funso langa ndi limodzi: zidatheka bwanji kuti anthu amene ankadana ndi zipani za ndale ndi mtima wonse ndiwo omwe adayambitsa zipani?

Sindikukokomeza ndikati ankadana nazo. Malamulo aakulu a dzikolo, amene adalembedwa ku Philadelphia mu 1787, satchula chipani pena paliponse. James Madison, m'nkhani yake ya nambala 10 mu The Federalist, ankaona magulumagulu a ndale ngati nthenda yosachizika imene ungoichepetsa mphamvu basi. Ndipo taonani momwe adakonzera chisankho cha pulezidenti: wopeza mavoti ambiri akhale pulezidenti, womutsatira akhale wachiwiri wake. Munthu woyembekezera zipani sangakonze zotere. Iwo ankaganiza kuti anthu olemekezeka azingokhala pansi n'kumagwirizana pa chokomera dziko, ndipo wotsutsa aliyense ndiye kuti ali ndi kampeni kumphasa.

George Washington adalumbiritsidwa ku New York pa 30 Epulo 1789. Kalembera wa chaka chotsatira adapeza anthu pafupifupi 3.9 miliyoni m'dziko lonse, ndipo mwa iwo pafupifupi 700,000 adali akapolo. Sitima yankhondo dzikolo lidalibe ngakhale imodzi. Kumpoto kudali Canada wa Angerezi, kum'mwera ndi kuzambwe kudali Spain atagwira Florida ndi New Orleans, pomwe mtsinje wa Mississippi umathirira m'nyanja. Chotsani m'mutu America wa lero. Ganizani za kadziko kosauka, kangongole, kozunguliridwa ndi zimphona.

Mwa nduna zake zochepa, Washington adaika pagome limodzi amuna awiri anzeru zoopsa koma osiyana ngati usana ndi usiku. Alexander Hamilton, wa zachuma, adabadwira pachilumba cha Nevis ku Caribbean, adakula wamasiye, ndipo za ndalama adaziphunzira ali kalaliki wa amalonda akadali mnyamata. Thomas Jefferson, wa zakunja, adali mwini munda waukulu ku Virginia wolimidwa ndi akapolo, ndipo n'kuti atangobwera kuchokera ku Paris komwe adali kazembe. Hamilton ankalota dziko la mabanki, mafakitale ndi boma lamphamvu. Jefferson ankalota dziko la alimi odzidalira, boma lapakati likhale laling'ono. Mabuku ambiri amathera apa, ngati kuti zipani zidabadwa kamba koti awiriwa ankalota zosiyana. Maloto okha sabala chipani. Pamafunika nkhani yokhudza thumba ndi mtima wa munthu wamba.

Ya thumba ndiyo idayamba. Mu Januwale 1790 Hamilton adauza Congress kuti boma lili ndi ngongole ya madola pafupifupi 54 miliyoni, ndipo madera paokhapaokha ali ndi ina imene adaiyerekeza pa 25 miliyoni. Maganizo ake adali oti boma lapakati lisenze zonse n'kulipira mtengo wathunthu, kuti mawa likafuna kubwereka anthu alikhulupirire. Nzeru yabwino, koma idali ndi minga. Asilikali ambiri amene adamenya nkhondo ya ufulu adalipidwa ndi mapepala olonjeza ndalama, ndipo njala itawapana adagulitsa mapepalawo motchipa kwa mpondamatiki za m'matauni. Tsopano boma likuti lilipira amene ali ndi pepala m'manja lero, osati amene adakhetsa mwazi. Madison, yemwe uja adalembera limodzi The Federalist ndi Hamilton, adatsutsa. Apa mpomwe ubwenzi wawo udayambira kuphwasuka. Adagwirizanabe pakati pa chaka chomwecho: ngongole za madera zilowe m'boma, koma likulu latsopano limangidwe kum'mwera, m'mbali mwa mtsinje wa Potomac. Mu 1791 adakangananso pa za banki yaikulu ya dziko. Jefferson adati malamulo salola, Hamilton adati amalola mosatchula, Washington n'kusaina.

Koma mfundo imene ndikufuna ana athu aziigwira ndi iyi. Ndalama zolipirira ngongole yonseyi zinkachokera kuti? Gawo lalikulu kwambiri la ndalama za boma lidali msonkho wa katundu wolowa m'madoko, ndipo katundu wochuluka wolowayo ankachokera ku Britain. Nsalu, misomali, mapoto, zipangizo, zonse za mtsamunda wakale uja. Choncho nyumba yonse imene Hamilton adamanga idatsamira pa malonda ndi Angerezi. Paja akulu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kukangana ndi Britain kukadaswa mkhate womwewo umene boma linkamwera. Aliyense wofuna kumvetsa zimene Hamilton adachita pa nkhani zakunja ayambire pamenepa.

Mkanganowu udatulukira m'nyuzipepala. Mbali ya Hamilton idali ndi Gazette of the United States ya John Fenno. Jefferson ndi Madison adanyengerera mlakatuli Philip Freneau kuti ayambitse National Gazette mu 1791, ndipo Jefferson adamupatsa kantchito komasulira makalata mu unduna wake, malipiro madola 250 pachaka. Tangoganizani, nduna ikulipira ndi ndalama za boma munthu woti azinyoza mfundo za boma lomwelo! Otsatira Hamilton adatenga dzina loti Federalist, a Jefferson loti Republican. Ana asukulu, chenjerani apa: awa si a Republican a masiku ano, amene chipani chawo chidayamba mu 1854.

Kenaka idabwera ya mtima. Popanda France, America sikadapeza ufulu panthawi imene idaupeza. Pangano la 1778 lidabweretsa ndalama, zida, asilikali ndi sitima zankhondo. Pa Yorktown mu 1781 sitima za France ndizo zidatsekera Angerezi njira ya panyanja pamene asilikali a Washington ndi a Rochambeau adawazinga pamtunda. M'pangano lomwelo America idalonjeza kuteteza zilumba za France za ku Caribbean. Ndiye anthu a ku France ataukira ulamuliro wa mfumu yawo mu 1789, ambiri ku America adakondwa, poona ngati moto umene adayatsa iwo wawoloka nyanja. Koma pa 21 Januwale 1793 Mfumu Louis XVI, mwini thandizo lija, adadulidwa mutu, ndipo pa 1 Febuluwale France idalengeza nkhondo ndi Britain. Tsopano bwenzi lokuthandiza pamavuto likumenyana ndi munthu amene umagula kusitolo kwake. Uimire uti?

Hamilton adati pangano tidapangana ndi mfumu, mfumuyo aipha, ndiye panganolo tingathe kuliika pambali. Jefferson adati ayi, pangano limakhala pakati pa dziko ndi dziko, silifa chifukwa boma lasintha. Pa mfundo imeneyi ine ndili ndi Jefferson, pakuti kukadakhala kotero palibe ngongole imene ikadabwezedwa padziko lapansi. Koma onse awiri ankadziwa kuti nkhondo sangaikwanitse, ndipo pa 22 Epulo Washington adalengeza kuti America siilowerera mbali iliyonse.

Zinthu adaziononga ndi kazembe watsopano wa France, Edmond-Charles Genêt, mnyamata wa zaka 30 wothamanga magazi. M'malo mofikira ku Philadelphia komwe kudali boma, adatsikira ku Charleston pa 8 Epulo, ndipo asadaonekere n'komwe kwa pulezidenti adayamba kupereka zilolezo kwa eni sitima a ku America kuti azilanda sitima za Angerezi m'dzina la France. Adakonzanso zoti anthu a ku America akaukire Florida ndi Louisiana wa Spain. Ulendo wake wapamtunda wopita ku likulu udali wa madyerero okhaokha, tauni iliyonse kumulandira ndi nyimbo, ndipo izi zidamuzunguza mutu. Atauzidwa kuti aleke, adaika mfuti pa sitima ya Angerezi yolandidwa, Little Sarah, m'doko la Philadelphia momwemo, n'kuitumiza kunyanja, uku akuopseza kuti akadandaula kwa anthu eni ake modumpha Washington. Mlendo kulamula pakhomo pa eni! Ngakhale Jefferson adagwa nkhope. Mu Ogasiti nduna zidapempha France kuti imuitanitse. Koma panthawiyo n'kuti ku Paris kutalowa boma lina lankhanza, ndipo womulowa m'malo adabwera ndi kalata yomumanga. Washington, podziwa kuti kumubweza n'kumupereka ku chikwanje, adamulola kukhala. Genêt adakwatira mwana wa George Clinton, bwanamkubwa wa New York, n'kukhala mlimi mpaka imfa yake mu 1834. Jefferson naye adatula pansi udindo kumapeto kwa 1793.

Mapanga awiri avumbwitsa. Amene akuti salowerera amamenyedwa ndi onse. Kumapeto kwa 1793 Britain idalamula sitima zake kuti zizigwira sitima iliyonse yochita malonda ndi zilumba za France, ndipo m'miyezi yochepa sitima za America zoposa 200 zidalandidwa ku Caribbean. Padalinso chilonda chakale. Ngakhale pangano la 1783 lidati achoke, asilikali a Britain adakhalabe m'malinga a Detroit, Niagara, Oswego ndi ena mkati mwa malire a America, ponena kuti a ku America nawo sadabweze ngongole zimene adatenga kwa amalonda Achingerezi nkhondo isadayambe. Kuchokera m'malingamo ankapereka zida kwa eni nthaka enieni, mitundu monga Shawnee ndi Miami, imene mu 1791 idapha asilikali a America oposa 600 pankhondo imodzi. Pofika 1794 ambiri ankati nkhondo ndi Britain yayandikira. Madison ankafuna kulanga malonda a Angerezi. Washington adasankha kutumiza jaji wamkulu wa dzikolo, John Jay, ku London kukakambirana.

Jay adapita chimanjamanja. Chida chimodzi chimene akadaopsezera nacho chidali choti America ingagwirizane ndi maiko ena osalowerera nkhondo, monga Sweden ndi Denmark, poteteza sitima zawo. Koma Hamilton adali atanong'oneza kale kazembe wa Britain, George Hammond, kuti America ilibe maganizo amenewo. Nanga munthu ukunenerera mtengo pamsika, mbale wako n'kuuza wogulitsa kuti kwina kulikonse sitipita, ungatsitse bwanji? Pangano limene Jay adasaina ndi Lord Grenville pa 19 Novembala 1794 lidati Angerezi achoka m'malinga pofika 1 Juni 1796, ndipo nkhani za sitima zolandidwa, ngongole zakale ndi malire azikaziweruza makomiti a mbali zonse ziwiri. Koma pa za kugwira amalinyero a ku America mokakamiza kuti akatumikire pa sitima zankhondo za Britain lidangoti zii. Pa ufulu wonyamula katundu kupita ku France nthawi ya nkhondo, America idagonja. Malonda ndi zilumba za Britain adaloledwa ndi tisitima tosapitirira matani 70, ndi zoletsa zonyoza kwambiri moti Senate idachotsa ndime imeneyo.

Pali dandaulo lina la anthu akum'mwera limene ife a ku Africa tiyenera kuliyang'anitsitsa. Iwo adakwiya kuti Jay sadawapezere chipukuta misozi cha "katundu" wawo amene Angerezi adapita naye nkhondo itatha. Katunduyo adali anthu: akapolo amene adathawira kwa Angerezi atalonjezedwa ufulu. Anthu akuda pafupifupi 3,000 adachoka ku New York pa sitima za Britain mu 1783, ambiri kupita ku Nova Scotia, ndipo mu 1792 pafupifupi 1,200 adawolokanso nyanja kukayambitsa Freetown ku Sierra Leone. Mmodzi mwa iwo adali Harry Washington, amene adathawa pamunda wa George Washington mwini wake. Chipani chimene chinkafuula kwambiri za ufulu wa munthu wamba ndicho chinkalilira anthu amenewa ngati ng'ombe zobedwa. Sindinena izi kuti ndiyeretse a Federalist, koma ana akamawerenga za Jefferson azidziwa mbali zonse.

Senate idakambirana panganoli mobisa ndipo idalivomereza pa 24 Juni 1795 ndi mavoti 20 kwa 10, ndendende magawo awiri mwa atatu ofunikawo. Mmodzi yekha akadasintha maganizo likadagwa. Senator wina wa ku Virginia, Stevens Thomson Mason, adapereka chikalatacho kwa Benjamin Franklin Bache, mdzukulu wa Franklin, amene ankatulutsa nyuzipepala ya Aurora, ndipo dziko lidayaka moto. M'matauni ambiri adaotcha zidole zofanizira Jay. Hamilton atayesa kulankhula pamsonkhano ku New York adamukuwiza. Washington adazengereza, n'kusaina mu Ogasiti. Kuyambira apa ngakhale iye, amene kale palibe ankayerekeza kumutchula moipa, adayamba kunyozedwa m'nyuzipepala.

Nkhondo yomaliza idali m'nyumba ya aphungu, pakuti panganolo linkafuna ndalama ndipo ndalama zimavomerezedwa kumeneko. Aphungu a Republican adaitanitsa makalata onse a ulendo wa Jay, Washington adakana, ponena kuti mapangano ndi ntchito ya pulezidenti ndi Senate. Aphunguwo adayamba kukumana paokha kuti agwirizane kavotedwe, chinthu chachilendo panthawiyo. Amalonda nawo adasonkhanitsa masiginecha m'matauni opempha kuti panganolo lidutse. Pa 30 Epulo 1796 ndalamazo zidavomerezedwa ndi mavoti 51 kwa 48. Misonkhano ya aphungu a mbali imodzi, nyuzipepala zawozawo, zikalata zosainitsa anthu, kuvota motsata gulu: mukandifunsa tsiku lobadwa la zipani ku America, ine ndiloza miyezi imeneyi.

Kodi Jay adagulitsa dziko? Ine ndikuti ayi. Panganolo lidali lowawa, koma dziko lopanda sitima zankhondo silikadapeza loposa pamenepo, ndipo lidagula zaka zoposa 15 zopanda nkhondo ndi Britain. Eni sitima zolandidwa adadzalandira madola oposa 10 miliyoni. Spain nayo, poopa kuti America ndi Britain agwirizana, idasaina pangano ndi Thomas Pinckney mu 1795 lotsegula Mississippi ndi doko la New Orleans kwa alimi akuzambwe. Amene adaluza kotheratu sadali pagome pomwe. Eni nthaka aja, atagonja pa Fallen Timbers mu Ogasiti 1794, adathamangira ku linga la Angerezi n'kupeza chitseko chotseka, ndipo pangano la Greenville la 1795 lidawalanda gawo lalikulu la dera limene lero ndi Ohio.

Mu Sepitembala 1796 Washington adatulutsa uthenga wake wotsanzika, umene Hamilton adathandiza kulemba. Adachenjeza za zinthu ziwiri: mzimu wa zipani, ndi kudziphatika kosatha ku dziko lina lakunja. Timauphunzitsa ngati nzeru ya gogo wosakondera, koma a Republican a nthawiyo adaumva ngati kampeni yowanena iwo ndi ubwenzi wawo ndi France, ndipo sadalakwitse kwenikweni. Chenjezolo lidafika mwana atabadwa kale. Pachisankho cha chaka chomwecho kazembe wa France, Pierre Adet, adalemba poyera m'nyuzipepala mokomera Jefferson. John Adams wa Federalist adapeza mavoti 71, Jefferson 68, ndipo malinga ndi lamulo lija pulezidenti ndi wachiwiri wake adachokera m'zipani zodana.

France idatenga pangano la Jay ngati kuperekedwa ndi bwenzi, ndipo pofika pakati pa 1797 idali italanda sitima za America zoposa 300. Adams adatumiza nthumwi zitatu ku Paris: Charles Cotesworth Pinckney, John Marshall ndi Elbridge Gerry. Nduna ya zakunja ya France, Talleyrand, idatumiza anthu ake kukawauza kuti zokambirana zisadayambe pafunika kangachepe ka mapaundi 50,000 ndi ngongole yaikulu ku boma la France. Nthumwizo zidakana. Adams atauza Congress kuti ulendo walephereka, a Republican adaganiza kuti akubisa nkhani yabwino ndipo adaumirira kuti makalata aonetsedwe. Adadzitchera okha msampha. Makalatawo adatuluka mu Epulo 1798, maina a otumidwa ndi Talleyrand atasinthidwa kukhala X, Y ndi Z, ndipo dziko lonse lidatembenukira France. Congress idathetsa mapangano a 1778, idakhazikitsa unduna wa sitima zankhondo, ndipo kwa zaka ziwiri maiko awiriwa adamenyana panyanja popanda kulengeza nkhondo.

Apa mpomwe tikuona kuopsa kwa maganizo oti wotsutsa ndi mdani. A Federalist sankaona a Republican ngati anzawo osiyana nawo maganizo. Ankawaona ngati antchito a France. M'miyezi ya Juni ndi Julayi 1798 adakhazikitsa malamulo anayi. Loyamba lidakweza zaka zodikira kuti mlendo akhale nzika kuchoka pa 5 kufika pa 14, pakuti obwera kumene, makamaka a ku Ireland, ankavotera Jefferson. Awiri adapatsa pulezidenti mphamvu zothamangitsa alendo, ndipo limodzi mwa awiriwa, Alien Enemies Act, likadalipo: lidagwira ntchito pa nkhondo ya 1812 ndi pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ndipo Donald Trump adalitulutsanso mu 2025. Lachinayi, Sedition Act, lidati wolemba kapena kulankhula zabodza zonyoza boma, Congress kapena pulezidenti alipire mpaka madola 2,000 ndi kukhala m'ndende mpaka zaka ziwiri. Taonani zinthu ziwiri. Wachiwiri kwa pulezidenti, amene adali Jefferson, lamulolo silidamuteteze, ndiye iye ukadamutukwana momwe ungafunire. Ndipo lidalembedwa kuti lidzatha pa 3 Malichi 1801, tsiku lomaliza la ulamuliro wa Adams. Eni ake ankadziwa kuti mkwapulo umenewu sungasiyidwe m'manja mwa wina.

Ozengedwa milandu ambiri adali akonzi a nyuzipepala za Republican. Phungu wa ku Vermont, Matthew Lyon, adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi inayi ndi kulipira madola 1,000 chifukwa cholemba kuti Adams ndi wokonda ulemu ndi mphamvu. Anthu akwawo adamusankhanso ali m'ndende momwemo. Ndiye pali mkulu wina wa ku Newark, Luther Baldwin, amene ali chiledzerere adamva mizinga ikuombedwa polemekeza Adams podutsa, n'kunena kuti iye alibe nazo kanthu ngakhale chipolopolo chitalowa kumbuyo kwa pulezidentiyo. Nthabwala ya pamowa imeneyi idamudyera madola 150 kukhothi. Jefferson ndi Madison adayankha polemba mobisa zigamulo za nyumba za malamulo za Kentucky ndi Virginia, zonena kuti madera ali ndi mphamvu yotsutsa lamulo la boma lapakati lophwanya malamulo aakulu. Mankhwalawa nawo adali ndi ululu wake, pakuti mfundo yomweyi adadzaitola a ku South Carolina mu 1832, ndi oteteza ukapolo pambuyo pake.

Munthu amene ndimamupatsa ulemu m'nkhani yonseyi ndi Adams, ngakhale dzanja lake ndilo lidasaina malamulo oipawo. Nkhondo inkakomera chipani chake. Hamilton adali atapatsidwa udindo waukulu m'gulu latsopano la asilikali ndipo ankalota zolanda madera a Spain. Koma Adams atamva kuti France yafewa, mu Febuluwale 1799 adasankha nthumwi yatsopano ya mtendere osafunsa nduna zake, zimene zambiri zinkamvera Hamilton kuposa iye. Mu Meyi 1800 adachotsa nduna ziwiri, Timothy Pickering ndi James McHenry. Hamilton adabwezera polemba kabuku konyoza Adams chisankho chili pafupi, chipani n'kugawikana. Pangano la Mortefontaine lidasainidwa pa 30 Sepitembala 1800, kuthetsa nkhondo ya panyanja ndi mgwirizano wa 1778 womwe, koma uthenga wake udafika mochedwa kuti umuthandize pamavoti. Atakalamba, Adams adalemba kuti mtendere umenewu ndi chinthu chokhacho chimene angakonde chilembedwe pamanda pake.

Zotsatira za 1800 zidali Jefferson 73, Aaron Burr 73, Adams 65. Burr adali woyenda naye wa Jefferson, koma lamulo silinkasiyanitsa voti ya pulezidenti ndi ya wachiwiri wake, choncho nkhani idapita kunyumba ya aphungu komwe a Federalist adali ochuluka. Ena adafuna kuika Burr pongofuna kukhaulitsa Jefferson. Hamilton, amene ankadana ndi onse awiri, adalemba makalata oti Jefferson ndi wolakwa maganizo koma ali ndi mfundo, pamene Burr alibe mfundo iliyonse. Adavota maulendo 35 osagwirizana, uku kukumveka mphekesera zoti Virginia ndi Pennsylvania akukonzekeretsa asilikali awo. Paulendo wa 36, pa 17 Febuluwale 1801, James Bayard wa ku Delaware ndi anzake ochepa adaleka kutsekereza, Jefferson n'kupambana. Tisaiwale kuti malamulo ankawerengera akapolo atatu mwa asanu aliwonse pogawa mipando ndi mavoti a madera, ngakhale akapolowo sankavota, ndipo olemba mbiri ambiri amati popanda mavoti owonjezerawa Adams akadapambana. Pa 4 Malichi Adams adanyamuka m'mbandakucha osadikira mwambo wolumbiritsa mnzake. Mwano ulipo pamenepo, komabe mpando adausiya. Mu 1804 adakonza malamulo kuti pulezidenti ndi wachiwiri wake azivoteredwa padera, kumene kudali kuvomera mosanena kuti zipani zabwera kudzakhala.

Jefferson adakhululukira amene adapezeka olakwa pa Sedition Act. Koma nyuzipepala za Federalist zitayamba kumuluma iyeyo, adalembera bwanamkubwa wa Pennsylvania mu 1803 kuti kuzenga milandu akonzi angapo pogwiritsa ntchito malamulo a madera kungathandize. Chaka chomwecho ku New York, Harry Croswell, mkonzi wa kanyuzipepala kotchedwa The Wasp, adapezeka wolakwa pa mlandu wonyoza Jefferson, ndipo khothi silidamulole kuonetsa kuti zimene adalembazo zidali zoona. Pa apilo mu 1804, loya amene adaimirira kunena kuti munthu asalangidwe chifukwa chosindikiza choona ndi cholinga chabwino adali Alexander Hamilton. Majaji adagawikana pakati, koma nyumba ya malamulo ya New York idatenga mfundo yakeyo n'kuisandutsa lamulo mu 1805. Mwini wake sadaone zimenezo. Adamwalira mu Julayi 1804, ataomberedwa ndi Burr, amene panthawiyo n'kuti akadali wachiwiri kwa pulezidenti.